Makina Akuloza Dzino Lina

Moni nonse, ndine malume anu a ku Guilleme. Imvani zimene zandionekera lero.

Dzino landisautsa sabata yonse, ndiye ndinakwera njinga yamoto kupita ku chipatala cha mano ku boma. Ine ndimati angozula basi ngati kale. Koma adokotala anandilowetsa kandodo kowala m'kamwa, n'kunena kuti, "Agogo, onani mano anu pa kanemapo."

Abale anga! Mano akuluakulu ngati a bulu, obookabooka ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe. Ine amene ndimasenda mzimbe ndi mano mpaka lero? Ndinawauza mokweza kuti, "Amenewo ndi a munthu wina, anatsalira m'makinamo!"

Chandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ine ndikuloza dzino lapansi, makinawo akuti lowola ndi lam'mwamba. Kodi akumva kuwawa ndani, ine kapena kompyuta? Ndinatseka pakamwa, n'kutenga chipewa changa, ulendo.

Akuti ndibwerenso Lachisanu. Nanga akakazula labwino, chimanga chootcha ndizidzatafunira chiyani? Tandiuzani, ndipite kapena ayi? Koma yankhani msanga, chifukwa chifikireni kunyumba kuno, lam'mwambalo nalonso layamba kugunda.