Kuperekeza Keiko ku Croydon

Tinanyamuka ku Thamesmead m'mamawa, chisanu chikuluma makutu. Keiko, mtsikana wa ku Japan amene ankachita lendi chipinda choyandikana ndi changa, anaitanidwa ku Croydon kukayesedwa ntchito yosamalira okalamba. Kwina anali atamukana kale, ati Chingerezi chake sichimveka, ndipo anali atanena kuti akamukananso alongedza abwerere kwawo. Ine ntchitoyi ndinali nditakalamba nayo, ndiye ndinapempha ofu kuti ndimuperekeze.

M'basi ya ku Woolwich anatulutsa kagalasi n'kuyamba kuyeserera "Thursday" ndi "thank you", lilime pakati pa mano. Koma akati alankhule nane, dzanja linkathamangira pakamwa. Anati mayi ake anamulera kuti mkazi saonetsa m'kamwa pagulu, nanji lilime. Ndinamumvetsa, poti kwathunso mwana wotulutsira akulu lilime amalawa chibonyongo.

Ku Woolwich tinagula matikiti a tsiku lonse, odula ndithu poti inali nthawi ya opita ku ntchito. M'sitima ya ku London Bridge ndinayamba kumuyeseza "right" ndi "light". Bambo wina wa ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, inuyo kuphunzitsa munthu r ndi l? Ife Achewa? Seriously, apa wakhungu akutsogolera wakhungu mnzake."

Sananame, ndipo uphunzitsi wanga unathera pomwepo. Tinadya timibulu ta mpunga timene Keiko anaumba n'kukulunga m'ndere za m'nyanja. Koyamba ndinadya mwaulemu, kotsatira mwadyera.

Titatsika ku East Croydon n'kukwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, ndinamuuza chokhacho chimene ndinkachidziwa bwino. Agogo ambiri makutu anatha, amamva ndi maso, poyang'ana milomo ya wolankhula. Lilime la Keiko linalibe mlandu, wopalamula anali dzanja lija. Ndinamunyamulitsa chikwama changa kumanja, ambulera kumanzere, n'kumuuza kuti andifotokozere za kwawo mpaka titsike. Anafiira nkhope yonse, koma mawu aliwonse ndinawamva.

Kunyumba ya okalambako abwana anamuuza kuti awerengere nyuzipepala gogo wina wovuta kumva. Katundu uja anali atatula, ndipo ine ndinkasuzumira pagalasi la chitseko. Atayala nyuzipepala pamiyendo, dzanja linanyamuka monga mwa chizolowezi chake n'kufika pachifuwa. Apo Keiko analitambasula n'kugwira dzanja la gogoyo, osalisiyanso. Gogo anamuyang'anitsitsa pakamwa, akugwedeza mutu, kenaka anayamba kutsutsana naye zoti mawa kugwa mvula. Abwana anati ayambe Lolemba.

Ndinasangalala ngati mwana ndi wanga. Ndinapita ngati mphunzitsi wa katchulidwe, koma chimene chinathandiza n'chimene agogo omwewo anandiphunzitsa. Pobwerera Keiko anaseka pakamwa ponse, ndipo nditakhala naye chaka chathunthu, ndi tsiku limenelo ndinaona kuti ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, kamene kwathu anyamata akanakalimbirana.