Ndibwera nyanja ikadzaza

Ababa, lero pa tsamba lina la zithunzi zakale ndaona mlatho wachitsulo wa ku Scotland. Eni dziko akufotokoza bwinobwino amene anaumanga, ngakhale amene anafera pa ntchitoyo. Ndauzindikira msanga. Ndi womwe uja munaimapo pa chithunzi chimodzi chokha chimene munatitumizira, mutavala chijasi chobwereka.

Tsiku lomwe munkakwera galimoto pa Kachulu, nyanja itaphwa, mabwato ali pamatope, munandigwira pamutu n'kunena kuti, "Usalire Asiyatu, ndibwera nyanja ikadzaza." Inadzaza, Ababa. Matemba anabwerera. Inaphwanso, n'kudzazanso. Amayi anamwalira akupukutabe chithunzicho ndi nsonga ya chitenje. Za imfa yanu tinamvera kwa anthu patapita miyezi. Mlatho mbiri yake akuidziwa yonse, koma manda anu palibe angatilozere.