Zipolopolo za Apongozi

Nkhondo itatha ndinali pa chikamwini ku Zóbuè. Apongozi anali ndi mfuti yothamangitsira anyani kumunda, ndipo zipolopolo ankazipaka ufa wakuda wa m'kati mwa lapisi zolembera.

"Ufawu umatereretsa chipolopolo," ankatero. "Mafuta amakoka fumbi, amaononga wonga."

Tsiku lina anandituma kuti ndipake ine. Ndinali nditatopa, kupala lapisi kunandikwana, ndiye ndinangoziviika m'mafuta ophikira. Anyani atabwera mfuti inakana kulira, chimanga chinapita.

Apongozi anaiyang'anitsitsa. "Yakalamba ngati mwini wake."

Anakaisiya kutchalitchi kumene ankasinthitsa mfuti ndi makasu. Khasulo anandipatsa ine, ndipo mpaka lero likundithyola msana.