Matimati a M'ndowa

Amuna anga akhala pamudzi wathu kuno kwa Mkhumba chikwatiranireni, koma matimati sanadzalepo pansi. Chimanga ndi nandolo timalima limodzi m'munda umene anandisiyira mayi anga, ndipo pamenepo sindingawanamizire, khasu amaligwira. Koma matimati, amene ndi ntchito yawoyawo, amadzala m'ndowa zobooka, m'mabeseni otha ntchito, m'zigubu zodula pakati ndi m'matumba a simenti. Kuseri kwa nyumba kuli malo abwinobwino, dothi lakuda bii, mjigo uli pafupi. Iwo ayi, ndowa basi. Ndikawafunsa ankati pansipo pali tizilombo tofotetsa mizu, ine n'kungovomera, poti za tizilombo sindinaphunzire.

Kwawo ndi kwa Chiwalo. Anabwera kuno kudzakhala chikamwini monga amachitira amuna kwathu kuno, ndipo njerwa za nyumba yamalata tikukhalayi anaumba ndi iwo. Tinabereka ana aamuna okhaokha, onse anapita kukakwatira kwina. Pakhomo tinatsala awiriwiri, mbuzi, nkhuku ndi gulu la ndowa lija.

Matimati a m'ndowa ndi adyera. Dothi lake ndi lochepa, ndiye ukamathirira tsiku ndi tsiku chakudya chimatsukika n'kutulukira pansi, masamba n'kuyamba chikasu. Choncho amuna anga amawaphikira manyowa amadzi. Amatenga zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi, kuphatikiza masamba a deliya, n'kumanga m'thumba. Thumbalo amalipachika pamtengo wopingasa, n'kulimiza m'dilamu la madzi, n'kuvundikira. Pakapita masabata angapo madziwo amada, ndipo fungo lake musandifunse. Ngakhale galu amazungulira patali. Sathira choncho ayi, angawauke mizu. Amasungunula ndi madzi a pamjigo mpaka aoneke ngati tiyi wa kumaliro, kenako amathira m'mbali mwa tsinde, osakhudza masamba, ndiponso atayamba athirira madzi wamba. Matimati akayamba maluwa amawonjezera kaphulusa. Ntchito yanga inali yosesa m'khola ndi kuvundula dilamu m'mawa, ndiye dilamulo ndinkalidziwa ngati mphika wanga.

Chaka chimene ndikunenachi, nyengo yozizira itangoyamba, dilamu linayamba kutha msanga. Ndowa zinali zomwe zija, sizinaswane. Koma ndikavundukula m'mawa ndinkapeza madzi atatsika, thumba lili lende m'mwamba. Ndinayang'ana pansi pake ngati likudontha, koma panali gwa. Ndinayamba kutchera maso. Sipanatenge nthawi, ndinawaona akudzaza chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, manyowa osasungunula, n'kuchimangirira panjinga ndi mphira.

“Bambo, chigubucho chikupita kuti?”

“Kwa aphunzitsi ena ku Migowi. Anandipempha, akuyesa nawo za matimati.”

“Aphunzitsi ake ati?”

“Simungawadziwe, mayi. Ndi obwera.”

Anayankha akuyang'ana tcheni cha njinga, chimene chinalibe vuto lililonse. Ine ndakhala ndi munthu ameneyu mpaka imvi, ndipo ndimadziwa kuti akamanena zoona amayang'ana munthu kumaso mpaka kukutopetsa.

Mng'ono wanga amakhala nyumba yoyandikana nafe. Iye Mulungu anamupatsa ana aakazi, ndipo maso anamupatsanso akuthwa. Tsiku lina tikupeta nandolo anangoyamba yekha.

“Achemwali, kodi Migowi anaisamutsa? Alamu akafika pamphambano paja sakhotera kumsika ayi. Amalowera uku kwa kwawoku.”

“Mwina pali njira yachidule.”

“Yachidule yobwera dzuwa litapendeka? Ine sindikunena kanthu. Koma mwamuna wodzala m'ndowa, achemwali, katundu wake amakhala womangamanga kale.”

Ndinaseka naye, koma mumtima munali moto. Nditabwerera kunyumba ndinapita panazale. Mbande zonenepa zija, zimene ndinkaganiza kuti zikudikira ndowa zatsopano, panalibe. Nsungwi zimene anadula zoti aziimikira matimati zinali zitachepa. Ndiye kuti kwinakwake kuli matimati, ndipo matimati sakhala okha, amakhala ndi mwiniwake wowathirira. Mwiniwakeyo ndinamuumba ndekha m'mutu mwanga: wamasiye, wocheperapo msinkhu, wa mawu a pansipansi, wodziwa kunena kuti zikomo bambo. Ine ndizisesa zitosi m'khola, msana uli kuwawa, kuti wina azitola matimati ofiira. Ndinapsa mtima kwambiri moti chakudya sichinkalowa.

Tsiku la msika ndinapita ku Migowi popanda chogula. Ndinayenda mzere wonse wa azimayi a matimati, kugwira mulu uwu, kutembenuza uwo, kununkhiza. Ndinkakhulupirira ndithu kuti matimati odya zitosi za nkhuku zanga ndiwazindikira. Ndikapeza okongola ndinkadzutsa mutu n'kumuyang'anitsitsa wogulitsayo. Mayi wina anatopa nane n'kunena kuti, “Mayi, mukugula kapena mukupima odwala?” Ndinachokapo, koma nkhope yake ndinaisunga, mwina n'kukhala iyeyo.

M'mawa wina ndinapeza chigubu chodzaza kale chili pakhonde, eniake ali kubafa. Ndinalowa m'nyumba n'kutapa mchere wodzaza dzanja. Ndinkadziwa kuti ndikathira mmenemo, matimati a mayi uja afota onse. Ndinaima pamenepo mcherewo uli m'manja, kenako ndinaubweza. Sikuti ndinamva chisoni ayi. Ndinkafuna ndimuone kaye nkhope, matimati ake adakali moyo, kuti asadzakane.

Ndinawasiya anyamuke. Dzuwa litakwera pang'ono ndinavala chitenje changa chabwino, chifukwa sindinkafuna kukaoneka ngati wosiyidwa, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Kuwalondola sikunavute. Tikaima n'kufunsa za bambo wa njinga ya chigubu chonunkha, aliyense ankaloza kutsogolo akuseka. Anthu a m'njira monse ankadziwa, ine ndekha ndiye ndinali mumdima. Fumbi linatimwetsa mpaka tinalowa kwa Chiwalo, ndipo zala za anthu zinatifikitsa pamudzi pomwe amuna anga anabadwira.

Ndinati ehe, ndiye kuti abale awo ndi amene akuwasungira mkaziyo. Pakhomo ndinapeza mchemwali wawo wamkulu, alamu anga, atakhala pamphasa akusenda chinangwa. Atandiona mpeni unagwa.

“Alamu! Kwagwanji?”

“Kulibe chagwa. Ndabwera kudzaona aphunzitsi.”

Sanandifunse kuti aphunzitsi ati. Anangoloza kuseri ndi mutu.

Kuseriko, pamalo pomwe panali nyumba ya malemu apongozi anga, ndinapeza amuna anga atanjuta, chitini chili m'manja, akuthira manyowa m'mbali mwa tsinde. Matimati anali pansi. Pansi penipeni, m'mabedi aatali okonzedwa bwino, ophimbidwa ndi udzu, uliwonse uli ndi nsungwi yake. Anali obiriwira kuposa a kwathu, mitengo yake yonenepa ngati chala chachikulu. Cha kumapeto kunali timitengo ta mango totchingidwa ndi minga, nthochi zongozika kumene, ndi mulu wa njerwa zosawotcha wofunditsidwa udzu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mkazi. Kunalibe ngakhale chitenje choyanikidwa.

“Kuno tizilombo kulibe?” ndinafunsa.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Sanadzidzimuke kwenikweni, anangooneka wotopa.

“Khalani pansi, mayi.”

“Sindikhala. Ali kuti?”

“Ndani?”

“Mwini matimatiwa.”

“Mwiniwake ndi ine.”

“Nanga njerwazo? Mukumangira ndani?”

“Ine ndemwe. Kachipinda kamodzi.”

Apa ankandiyang'ana m'maso, ndipo ndinayamba kuchita mantha. Ndinabwera nditakonzeka kumenyana ndi mkazi, mawu onse ndinali nditawasanja panjinga paja. Za munthu womanga kachipinda kamodzi sindinazikonzekere. Ndinawafunsa kuti ndawalakwira chiyani choti n'kundithawa mwakachetechete chonchi. Anati sakundithawa. Ndinawafunsa kuti anayamba liti zimenezi.

“Chaka chatha, mutagonekedwa m'chipatala ndi chibayo chija.”

Ndinakhala pansi tsopano, pamulu wa udzu.

“Tsiku limene munasiya kulankhula lija,” anapitiriza, “ndinatuluka kukatunga madzi. Achimwene anu ndi mng'ono wanu anali pansi pa mtengo, sanandione. Ankakambirana kuti nyumba ija adzalowemo mwana uti wa mng'ono wanuyo. Za ine anati, akadzangowasudzula, azipita kwawo. Inu muli m'katimo mukupuma.”

“Bodza!”

“Sindikuwada ayi. Ndi mmene zimakhalira. Achimwene anga anabwerera pano ndi khasu ndi kachikwama, dimba lonse la nzimbe anasiya kuchikamwini. Ine ndinaona ndili mnyamata. Ndowa munthu umanyamula, mayi. Koma tsiku lija ndinazindikira kuti ndilibe koti n'kukazitula.”

Ndinawalalatira, alamu anga akumva. Ndinati mwandikumbira manda ndili moyo. Ndinati ine ndinkalimbana ndi mpweya, inu mukuyeza mabedi. Ndinati bola akanakhala mkazi, ndikanamukoka tsitsi n'kuthana nazo. Nditamaliza, iwo anatunganso manyowa m'chitini. Kenako anati, “Ndimalize mzere uwu, manyowa angaume,” ndipo anamalizadi.

Pobwerera anandikweza pakaliyala, chigubu chopanda kanthu ndili nacho pamiyendo. Ine mutu unali pa abale anga. Mumtima ndinkati bamboyu wanama, wapeka nkhani kuti abise manyazi ake. Mlongo wanga anandilera mayi atamwalira. Mng'ono wanga ndinamubereka kumsana. Koma ndinakumbukiranso mmene mng'ono wangayo anafulumirira kundiuza za pamphambano, ndi mmene mwana wake wamkulu amayamikirira simenti ya pakhonde pathu nthawi iliyonse akabwera kudzapala moto. Sindinadziwenso woti ndimukayikire.

Ndinaganiza zomva ndi makutu anga. Mlongo wanga, amene ndiye mwini mbumba yathu, anakwatira mudzi woyandikana nafe. Ndinamutumizira uthenga, ndipo anabwera Loweruka masana, amuna anga atapita kukamweta udzu wa mbuzi. Ndinamuyalira mphasa pakhonde. Ndinamutolera matimati a m'ndowa odzaza mbale kuti atengere mkazi wake, iye n'kutenga limodzi, kulipukuta pamalaya, n'kuyamba kudya.

“Achimwene,” ndinatero, “ndakuitanirani nkhani imodzi. Alamu anuwa akalamba pamudzi pano. Nyumbayi anamanga ndi manja awo. Ndikufuna muitane mbumba yonse, munene pamaso pa anthu, ine ndikumva, kuti ndikadzatsogola ine, iwowa adzakhala m'nyumba muno mpaka tsiku lawo.”

Ndinkayembekezera kuti aseka, anene kuti chemwali wapenga, ndani angathamangitse alamu. Ndinkafunitsitsa atatero, kuti madzulo ndikawauze bambo aja kuti aphwasule njerwa zawo. Iye anasiya kutafuna. Anayang'ana malata, anayang'ana chitseko, anayang'ana kunyumba kwa mng'ono wanga.

“Nkhani zimenezi sitikambirana munthu ali moyo, chemwali. N'kulaula.”

“Pachipatala paja ndinali nditafa?”

Sanafunse kuti pachipatala pati, kapena wandiuza ndani. Anangopukuta madzi a tomato pachibwano.

“Alamu ndi munthu wabwino, palibe amene akukana. Koma malo ano ndi a mbumba, ndipo ana aakazi akukula. Ine ndekha sindingalonjeze. Tidzaona nthawi yakeyo.” Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutsitsa mawu. “Bwanji kodi? Mwayambanso kumva m'thupi?”

Ndamvapo mafunso ambiri a anthu ozonda odwala, koma limeneli silinali lofuna kuti ndichire. Ndinamuuza kuti ndili bwinobwino, ndipo ndikhala bwino nthawi yaitali. Anati zikomo, ananyamula mbale ya matimati ija n'kumapita, akudutsira kwa mng'ono wanga.

Ndinakhala pakhondepo mpaka amuna anga anatulukira ndi mtolo wa udzu pamutu. Ndinawayang'ana akuutula pakhola, msana wopindika, miyendo yoonda, munthu amene wakhala nane moyo wanga wonse pamalo pomwe sangadzalepo ngakhale tomato. Ndinamva chisoni, ndi manyazi chifukwa cha mtundu wanga. Anaona mphasa n'kufunsa kuti kunabwera alendo.

“Anabwera achimwene,” ndinatero.

Anadikira kuti ndipitirize. Ine ndinayang'ana kumbali.

“Njerwa zija muziwotche mvula isanagwe, bambo. Nkhuni ndikuthandizani kufuna.”