Shawelo ya a Esperanca

Mukafika pa Muloza n'kufunsa za a Esperanca, aliyense angoti, "Oho, oluka aja?" Mayiwa anawoloka malire ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo kuluka anaphunzirira pa masipoko a njinga. Anathyola tiyi kuesiteti zaka makumi awiri koma zala sizinaume. Ndiwo anayambitsa gulu la amayi lomwe limakumana Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa mapeyala, kumasula majuzi a pakaunjika n'kulukanso tizipewa ndi timasokosi. Luso anali nalo, tisanamizane. Koma matama, mayo ine! Mnzawo akalakwitsa pang'ono ankamulanda n'kumasula mzere wonse anthu akuona.

M'gulumo munali Claudia, mtsikana wa ku Milange wokwatiwa ndi wakabaza, wopanda mbale aliyense kuno. A Esperanca ndiwo anamuphunzitsa kugwira singano, iye n'kuyamba kuwaitana kuti amayi. Iwo anabereka anyamata okhaokha, choncho dzinali linkawakomera zedi, ndipo sankafuna kuti wina awalande.

Gululi lili ndi mwambo wake. Mmodzi akakhala woyembekezera, aliyense amaluka chigamba chake, amalumikiza zonse kukhala shawelo imodzi, n'kukapereka limodzi mwana akabadwa. Claudia atatopa ndi pakati, zigamba zinayamba kubwera. A Esperanca anayang'ana cha a Enifa, wachiwiri wawo m'gulu: chokhota, kwina chothina, kwina chotayirira. "Mdzukulu wanga afunde zimenezi?" anatero chamumtima. Anakagula ulusi watsopano woyera, n'kudzitsekera m'nyumba kuluka shawelo yawoyawo, kuti Claudia aone kuti mayi weniweni ndani. Kugulu sanapiteko milungu iwiri.

Loweruka m'mawa kunamveka kugogoda. "Odi! A Esperanca! Tsegulani, mukufunika!" Anali a Enifa. Eni nyumba anaganiza kuti abwerera chigamba, ndiye anakhalira shawelo ija n'kungoti zii, ngakhale kutsokomola ayi. A Enifa anagogoda katatu n'kubwerera.

Lolemba shawelo inatha, yokongola ngati ya m'sitolo. Pamsika anamva kuti Claudia anatuluka kuchipatala, ndipo chifukwa cha liwiro sanafunse zambiri. Pajatu mwana wobadwa atafa kale salengezedwa. Pamsewu saikapo masamba, palibe wolira mokweza, amayi akuluakulu amangokamuika mwakachetechete. Ndiye a Esperanca akanaona chiyani panjira?

Anatulukira pabwalo la kwa Claudia ndi nthungululu, shawelo ataitambasula m'mwamba, akuvina chodzithyola. "Ali kuti mlendo wathu? Tulutsani ndimuone!"

Amayi a gulu anali pamphasa pakhonde, m'manja mulibe singano. A Enifa anadzuka, anawagwira pamkono n'kuwanong'oneza, "Tsitsani chinthucho. Mwana sanalire."

Nthungululu ija inathera pakhosi. Manyazi anawagwira a Esperanca. Shawelo yoyera ija inasowa poibisa. Anayesa kuipinda, kuilowetsa m'chitenje, koma inali yaikulu, mphonje zake zikulendewerabe panja. Akanatha akanathawa, koma a Enifa anawakankhira kuchitseko. "Lowani. Wakumvani kale."

Claudia anali chigonere pamphasa, atayang'ana kukhoma. A Esperanca anagwada chapatali.

"Mwana wanga, pepa. Sindinamve."

Mtsikanayo anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Anamwino anandifunsa kuti, mayi ako ndani, adzanyamule mwanayu. Ine ndinatchula inu. A Enifa anabwera kwanu, akuti anapeza kotseka." Anapuma kaye. "Ndinawauza kuti amayi akanakhalapo sakanandisiya. Munapita kutali, eti?"

Bodza linali pafupi. Akanangoti anali ku Milange, nkhani n'kuthera pomwepo, dzina lija n'kukhala lawobe. Anayang'ana maso otupa a mtsikanayo.

"Ndinali m'nyumba momwemo," anatero. "Ndinamva kugogoda."

Claudia anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukiranso kukhoma.

"Zikomo pobwera, a Esperanca," anatero.