Nyengo imene amalume anasiya kucheuka

Kaseti ya amalume ija inali yosweka pakona, yomatidwa ndi selotepi. Pachikuto pake panali anyamata anayi achizungu ataima pamvula, palibe ndi mmodzi yemwe akumwetulira. Amalume anaipatsidwa ndi wansembe wa ku Ireland amene ankawaphunzitsa kusekondale, ndipo anabwera nayo kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa South Bend, m'thumba la jekete, ngati mankhwala.

Ankagona kwathu, kubesimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba. Masana ankagwira ntchito kochapira zovala za m'chipatala, pakati pa makina aphokoso. Madzulo ankandikhazika pamasitepe n'kumandisimbira mbiri ya bandi ija ngati akunena za abale awo. Akuti anyamatawo anayambira m'galaja yozizira, ndi ng'oma zobwereka. Anakanidwa, anatchuka, anakangana mpaka woimba ng'oma anachoka, kenako anadzagwirizananso imvi zitayamba. "Anthu amenewa sanagonje, mwanawe," ankatero. Iwonso anali ndi bandi yawo kale ku Ndirande, koma nkhani ya imeneyo ankaidumpha.

Chaka chimenecho ndinali mu giredi yachinayi. Masamba atayamba kufiira, wailesi ya amalume inayamba kukwera mawu. Makapu ankanjenjemera m'kabati. Mayi ankagogoda pansi ndi mpini wa mopu: "Achimwene, aneba atiitanira apolisi." Ine ndinkaseka. Lero sindiseka. Mayi anali namwino, komabe m'nyumba monse munalibe amene anadzifunsa kuti munthu wofatsa chotero wayamba bwanji kukonda phokoso. Aliyense anali wotopa ndi shifiti yake.

Zitamveka kuti bandi ija ikubwera mumzinda wa Indianapolis, amalume anagula matikiti awiri, n'kusankha ine. Anadraiva njira yonse atavala malaya awo a kutchalitchi, minda ya chimanga chouma ili mbali zonse. Ndinawauza zambiri za kusukulu, m'Chingerezi monga mwa masiku onse, iwo n'kumangogwedeza mutu, ngakhale pamene ndinafunsa ngati tatsala pang'ono kufika.

M'bwalomo munkamveka fungo la mowa ndi anyezi wokazinga. Tinakhala pamwamba penipeni, ndipo anyamata a pakaseti aja anali tinkhalamba ting'onoting'ono kutali uko. Gitala italira, khamu lonse linaimirira. Amalume anaimirira mochedwa, ataona anzawo. Anagwira chitsulo cha kutsogolo kwathu ndi manja onse awiri, akupendeketsa mutu uku, kenako uku.

Anawerama. "Ndi nyimbo iti imeneyi?"

Inali ija ankaiimba m'bafa m'mawa uliwonse. Ndinawauza mawu ake oyamba.

"Nena m'Chichewa, ndiziona pakamwa pako."

Mawuwo anandikanika kutembenuza. Ndinangoti, "Ija mumaikonda ija." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakhala pansi. Onse otizungulira ankaimba, ena akulira atakumbatirana. Amalume anangokhala pampando mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

Nyengo yozizira itayandikira, sinowo isanagwe, kubesimenti kunati zii. Gitala yawo anaipereka kwa anyamata a kwaya. Anasiya kupita kumapemphero a Amalawi, anasiya kudya nafe patebulo. Pamene mayi anadzawakokera kwa dokotala, makutu anali atatheratu, ndipo panalibenso chochita. Ine sanandiuze, ankati ndine mwana. Pofika Khirisimasi amalume anasamukira kutawuni ya Lawrence kwa mnzawo wina. Anamwalira komweko ine ndili kukoleji, tisanakhalenso pansi n'kucheza.

Tsiku losamukalo ndinaima pakhonde ndi masokosi okha, kuzizira kukuluma zala. Iwo ankapita kugalimoto ndi chikwama chimodzi, atandifulatira. Ndinaitana, "Amalume." Ndinaitananso mokuwa, mpaka galu wa aneba anauwa. Sanacheuke. Ndinalowa m'nyumba n'kuuza mayi kuti amalume andikwiyira chifukwa sindidziwa Chichewa, ndipo ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri.