Nsanza yofiira pa thumba la madeya

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ndiye anafika ku yunivesite. Chaka china anabwera ku tchuthi atalephera mayeso amodzi, ndipo anati akalepheranso amuchotsa sukulu. Ndinkamupempherera m'mawa uliwonse, koma zimene ankaloweza sizinkakhazikika m'mutu.

Tsiku lina ndikumanga matumba pakhonde titakolola, ndinati, "Tandiphunzitsa ineyo, mwina zikhala."

"Amayi, thupi lathuli ndi timaselo, tizipinda tosaoneka ndi maso. M'kachipinda kalikonse muli katundu wopita uku ndi uku, aliyense ndi chizindikiro chake. Ndiye pali mapuloteni ogwira ntchito m'magulu. Amaona chizindikirocho, n'kusonkhanitsa katundu wofanana, n'kumukulunga m'kathumba, kathumbako ulendo."

"Amasuzumiramo?"

"Ayi, amangoona chizindikiro."

"Ndiye ndi akabaza athu ajatu!"

Kwathu ku Dzoole ine sindilemba pa matumba. Ndimamanga nsanza kukamwa kwake: yofiira ndi ya abusa, yobiriwira ya mlamu wanga woweta nkhumba kutsidya. Bambo wa kabaza amene amatinyamulira amangoona nsanza, basi.

Ndinakondwa zedi kumva kuti Mulungu anaika akabaza m'thupi mwanga, moti manja ankamanga okha, maso ali pa mwana.

"Nanga chizindikiro chikalakwika?"

"Katundu amasochera, amayi, munthu n'kudwala."

Lamulungu abusa anaimirira kuthokoza za masika. "Mayi wina watitumizira thumba lodzaza bwino. Amayi busa ayesa kukazinga, zakanika. Mwini wake atiuze ngati nkhumbazo zikubwera pambuyo."

Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko. Ine nkhope m'chitenje. Abusa ndinawapatsa madeya! Mtedza wanga wosankha bwino unali kwa mlamu, ndipo iye anali atatumiza kale uthenga wothokoza, ati ana atsala pang'ono kuumaliza.

Pobwerera ndinayamba kudandaula za bambo wa kabaza uja. Mwana wanga, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, anati, "Asiyeni, amayi. Puloteni wagwira ntchito yake. Wolakwa ndi womanga nsanza."

Ku mayeso funso lomwelo linabwera. Akuti anaseka yekha mpaka woyang'anira anamuponyera diso. Anakhoza, sukulu anapitiriza.

Thumba lina la mtedza ndinalisenza ndekha pamutu mpaka kunyumba ya abusa, ndipo ndinalimasula iwo akuona. Ambuye ngabwino. Ndinawapempha nzeru za mwana, Iwo anayankha ndi madeya.